Kunyamula telesikopu yopanga nokha popita kokaonera nyenyezi ku Kasungu

Telesikopu yopanga pamanja kawirikawiri siwonongekera pabwalo poonera nyenyezi. Imawonongekera pamsewu. Mahampu ndi maenje, fumbi la msewu wa kumudzi, kutentha kwa m'galimoto yoimikidwa padzuwa, izi ndi zimene zimachititsa munthu kufika kumsonkhano wa okonda zakuthambo ndi chipangizo chimene dzana chinkaonetsa mphete za pulaneti ya Saturn bwinobwino, koma lero chikungoonetsa chimbuuzi.

Malangizo awa ndi a telesikopu ya mtundu wa Dobson, imene anthu ambiri opanga okha amayambira: paipi yokhala ndi galasi lalikulu kumunsi, kagalasi kopendekeka kumtunda, yonseyo itakhala pa bokosi la pulaiwudi lozungulira. Kayalidwe ka magalasiwo ndi ka Isaac Newton, ka m'chaka cha 1668, pomwe bokosi lotchipalo analitchukitsa ndi John Dobson ku San Francisco m'zaka za m'ma 1960. Chitsanzo chathu ndi galasi la mamilimita 200 losonkhanitsa kuwala pa mtunda wa mamilimita 1200, loikidwa m'paipi ya PVC ya mamilimita 250. Ngati lanu ndi la 150, zonse n'chimodzimodzi, kungoti katundu apepukirako.

Chinthu chimodzi chitsogolere zonse zimene muchite. Bokosi likathyoka, kalipentala wa pa Kasungu boma alikonza masana omwewo. Bawuti ikatayika, mupeza ina pa hadiweya. Galasi lalikulu likakandika kapena kubenthuka, palibe amene angakuthandizeni m'chigawo chonse.

Kusankha tsiku

Mvula ikatha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, thambo la kuno limayera kwambiri. Seputembala ndi Okutobala mitambo kulibe, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi fumbi zimaphimba nyenyezi zofooka, makamaka za m'munsi. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino, ngakhale usiku kuzizira kumafika pa madigiri 10 kapena kutsikirapo.

Kenako onani mwezi. Ngati mukufuna Mlalang'amba ndi magulu a nyenyezi zofooka, pitani mwezi uli kumdima. Ngati kudzakhala ana a sukulu ndi anthu a m'mudzi, tsiku labwino ndi lachinayi kapena lachisanu mwezi utaoneka: anthu ayamba ndi kuona mapiri ndi zigwa za pamwezi, mweziwo ulowa cha m'ma 9 koloko, ndipo otsalawo mukhala ndi mdima weniweni usiku wonse. Pulogalamu ya Stellarium pafoni ikuuzani kumene kuli mwezi ndi mapulaneti tsiku limenelo, ndipo imagwira ntchito popanda netiweki. Ikani mudakali kunyumba.

Kutatsala sabata

Lumikizani telesikopu yonse pakhomo panu, muonere nayo usiku umodzi. Chilichonse chimene mwachigwiritsa ntchito usikuwo, kuyambira sipanala mpaka mpando, chiikeni pamalo amodzi. Katundu wanu wa paulendo ndi ameneyo.

M'mawa mwake yenderani zomangira chimodzi ndi chimodzi. Bawuti ya pakati pa bokosi ikhale ndi manati awiri omangana okhaokha, apo ayi imamasuka yokha ndi kugwedezeka. Tizitsulo togwira kagalasi kopendekeka tikhale tokungika, toti mukatikhudza ndi chala sitikugwedera. Kagalasiko kayang'anitsitseni kuposa zonse, chifukwa kakamatuka kamagwera pa galasi lalikulu. Ngati munakamata ndi silikoni, timadontho take tikhale titatu, tokhuthala pafupifupi mamilimita 2, ndipo ngati mwamata kumene mupatseni masiku awiri kapena atatu kuti aume. Guluu wouma gwa, monga supa guluu, sayenera pamenepa: amakoka galasi n'kulipinda pang'ono, ndipo amasweka ndi kugwedezeka.

Zogwira galasi lalikulu m'mphepete zisalipanikize. Pakati pa chogwira ndi galasi pazilowa kakhadi ka mayunitsi. Anthu ambiri akamapita paulendo amamanga zogwirazi mwamphamvu poganiza kuti akuteteza galasi, kenako usiku nyenyezi iliyonse imaoneka ya ngodya zitatu. Galasi lolemera makilogalamu 2 limapindika ndithu ndi sikuluu imodzi, ngakhale ndi maso simungaone.

Ngati pakati pa galasi lanu palibe chizindikiro, chiikeni tsopano, chifukwa popanda icho mudzavutika kukonza zimene msewu wasokoneza. Dulani pepala lozungulira lofanana ndi galasi, lipindeni kawiri, dulani kansonga, liyaleni pagalasi mosamala, ndipo dontheza kadontho ka maka pa kabowoko. Chotsani pepala, matani kamphete ka pepala kozungulira kadonthoko. Sikasokoneza chithunzi, popeza malo amenewo ali kale mu mthunzi wa kagalasi kopendekeka.

M'kabokosi ka zida mukhale sikuludiraiva, ma Allen key a saizi ya masikuluu anu, pulayasi, manati ndi mawashala apadera, selotepi wamkulu, malegeni, tochi, ndi chitsekerero cholunjikitsira magalasi. Chitsekererochi mumapanga nokha: chivindikiro cha pulasitiki chokwana thithithi mu focuser (kapaipi ka m'mbali kosuzumirapo, kamene mumakasuntha kuti chithunzi chioneke bwino), choboola pakati penipeni kabowo ka mamilimita 2, m'kati mwake mutamata pepala loyera.

Galasi lichoke kapena likhale?

Yankho lili pa msewu umene mudutse. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Kasungu pa M1 ndi makilomita pafupifupi 130. Ngati ulendo wonse ndi wa patala, ndipo paipi ikugona pa mpando wa kumbuyo wa galimoto yaing'ono, galasi lisiyeni momwemo. Koma malo amdima weniweni amakhala kutali ndi magetsi, ndiye kuti mudzapatuka n'kuyenda pa msewu wafumbi wa mabampu. Pamenepo, kapena ngati mwakwera lole, matola kapena minibasi, galasi lituluke.

Litulutseni pamodzi ndi chikhazikiro chake, osati lokha. Musanamasule, lembani mzere wa maka wodutsa pa paipi ndi pa chikhazikiro kuti podzabweza bowo lililonse lidzakumane ndi lake. Gonekani paipi, masulani masikuluu, kokani ndi manja awiri.

Bokosi la galasi likhale la matabwa, lokulirapo ndi masentimita 3 mbali zonse. Pansi ndi m'mbali ikani zidutswa za matiresi a siponji kuti lisasunthe. Nkhope yake iyang'ane kumwamba, ndipo isakhudzidwe ndi chilichonse. Chonyezimira cha pagalasi la telesikopu ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wopakidwa pamwamba, osati kumbuyo monga pa kalilole wa m'nyumba, moti chitenje, nyuzipepala kapena thonje zikamatikita pamenepo makilomita 130 zimasiya timizere tosachoka. Vindikirani ndi kathabwa kosalala kotsamira pa zogwira za m'mphepete. Galasi la 200 ndi lolowa pakati ndi mamilimita 2 okha, choncho chivindikirocho chikhale cholimba, chosafwamphukira m'kati. Bokosilo lilowe mu jumbo yaikulu chifukwa cha fumbi, ndipo liyende pansi kuseri kwa mpando wakutsogolo kapena pamiyendo pa munthu. Lisakwere pamwamba pa katundu wina.

Kupakira

Yezani mpando wa kumbuyo ndi tepi tsiku la ulendo lisanafike. Paipi ya mita imodzi ndi masentimita 25 imakwana m'galimoto zina, m'zina chitseko chimakana kutsekeka, ndipo kuzindikira zimenezi m'mawa wa ulendo n'kowawa. Mu Sienta kapena Probox ndi bwino kugwetsa mpando n'kuigoneka m'litali. Mukatero galasi lili momwemo, mbali ya galasi iloze kutsogolo kwa galimoto, kuti pomanga buleki galasi lizikankhikira m'chikhazikiro chake m'malo mokanikiza zogwira.

Tsekani kukamwa konse kuwiri kwa paipi ndi jumbo ndi malegeni, ndipo bowo la focuser litsekeni ndi chivindikiro. Chotsani finder (katelesikopu kakang'ono kolozera, komangidwa pambali pa paipi), chifukwa ndiyo imayamba kuthyoka. Paipi igone pa bulangeti kapena matiresi, focuser itayang'ana kumwamba, yomangidwa ndi malamba a mpando malo awiri. Isaimirire, ndipo pamwamba pake pasakhale chigubu cha madzi kapena thumba la ufa. PVC imayamba kufewa kutentha kukayandikira madigiri 60, ndipo galimoto yotseka mawindo padzuwa imapitirira 50 mosavuta. Mukaima kuti mudye pa Mponela kapena pa Madisi, funani mthunzi.

Bokosi la pansi ndi lolimba, lipite ku buti. Mangani thabwa la pansi ndi lozungulira pamodzi ndi legeni kuti asamenyane, ndipo m'kati mwake mutha kulongamo majuzi. Ma eyepiece (timagalasi tosuzumirapo tolowetsa mu focuser) akhale m'kachikwama kawo, lililonse ndi zitsekerero zake.

Pa kabaza wa njinga yamoto paipi ikhoza kuyenda mtunda waufupi ngati wokwera kumbuyo waigwira, koma galasi likhale m'chikwama cha kumsana.

Pamsewu ndi pofika

Nyamukani moti mufike dzuwa lisanapendeke kwambiri, cha m'ma 3 koloko. Mu Juni kuno dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo ikamakwana 7 kwada bii. Ntchito yonse yolumikiza imafuna kuwala.

Pa rodibuloko apolisi adzafunsa, ndipo n'zomveka, popeza paipi yaikulu yotsekedwa mbali zonse imakayikitsa. Musaimange moti kutsegula kutenge theka la ola. Khalani ndi chithunzi chake pafoni italumikizidwa, ndi kalata ya okonza msonkhano ngati ilipo. "Bwana, ndi choonera mwezi ndi nyenyezi, ndingotsegula muone" amakwana. Tsegulani nokha, ndipo apempheni mwaulemu kuti asapise dzanja m'kati.

Pa msewu wafumbi tsekani mawindo, yendani pang'onopang'ono, ndipo mukatha makilomita oyamba imani muone ngati malamba akadali okungika.

Ngati msonkhano uli pamudzi kapena pa bwalo la sukulu, kaonekereni kwa a mfumu kudakali kowala, ngakhale okonza anena kuti anapita kale. Alendo oyendayenda usiku ndi mapaipi ndi timatochi tofiira amadzutsa mantha, ndipo mphekesera za anamapopa zinaphetsapo anthu osalakwa m'dziko muno. Fotokozani bwino: "Zikomo a mfumu, tabwera kudzaonera nyenyezi pa bwalo la sukulu, tichezera usiku wonse, ndipo tikupempha kuti inu ndi anthu anu mubwere mudzaone nawo." Funsani kumene kuli manda ndi dambwe kuti musalowereko mumdima. A mfumu akasuzumira okha n'kuona zigwa za pamwezi, usiku wonse muona mwamtendere.

Ku Kasungu National Park, cha ku Lifupa, mdima wake ndi wosowa, koma kumeneko malamulo ndi a oyang'anira nyama. Mvuu zimatuluka m'damu usiku kukadya msipu, ndipo njovu zinachuluka chibweretsereni zina 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Imikani telesikopu pokhapo pamene akulozerani.

Posankha malo, thawani dambo. Mpweya wozizira umatsikira kumeneko ndipo mame amayamba msanga. Thawaninso kuonera pamwamba pa denga la malata, pa tala, kapena pa moto ndi mbaula, chifukwa kutentha kokwera kumavinitsa chithunzi. Pamalo okwererapo, pouma, pa udzu waufupi, kummwera kopanda mitengo, ndi pamene mukufuna. Yang'anani linthumbu ndi mauna musanayale kanthu. Ngati pali fumbi, wazani ndowa imodzi ya madzi. Miyendo itatu ya bokosi iponde dothi lolimba, ndipo mozungulira yalani masaka kuti kasikuluu kakagwa kapezeke.

Nthawi yonse imene dzuwa lili kunja, paipi ikhale yotseka kapena yofulatira dzuwa, ndipo pakhale munthu woilondera. Mwana akailozetsa kudzuwa n'kusuzumira, diso limapsa nthawi yomweyo ndipo silichira. Galasi lalikulu losavindikira litha kuyatsanso udzu kapena mpando wa galimoto.

Kulunjikitsa magalasi

Ntchito iyi, imene m'mabuku imatchedwa collimation, muichite ulendo uliwonse, ngakhale galasi simunalichotse. Ndi mphindi 10 zokha, koma ndi imene imasiyanitsa amene aone mphete za Saturn ndi amene aone kadontho kosamveka.

Bwezani galasi motsata mzere wa maka. Pendeketsani paipi pang'ono chabe kuchoka pogona, iloze kuthambo lowala kutali ndi dzuwa. Isaloze kumwamba pamene mukugwira zida kukamwa kwake, chifukwa Allen key ikapulumuka imakagwera pa galasi. Ena amaimangirira ku dzanja ndi kachingwe, ndipo amachita bwino.

1. Lowetsani chitsekerero chija mu focuser, suzumirani pa kabowo. Kagalasi kopendekeka kaoneke kozungulira, kali pakati. Ngati kakuoneka kosongoka ngati dzira, katembenuka: masulani pang'ono sikuluu ya pakati, katembenuzeni ndi zala pogwira chogwirira chake, osati nkhope.
2. M'kagalasiko muona galasi lalikulu. Sinthani timasikuluu titatu ta kagalasi kopendekeka mpaka galasi lalikulu lonse, ndi zogwira zake zitatu, lioneke mofanana mbali zonse. Mukamanga kamodzi, masulani kena.
3. Pitani kumunsi. Masulani masikuluu otsekera ngati alipo, kenako tembenuzani olunjikitsira, theka la kota ya kuzungulira kumodzi nthawi imodzi, mnzanu akusuzumira. Cholinga n'chakuti kadontho kakuda, kamene ndi chithunzi cha kabowo ka chitsekerero, kalowe pakati pa kamphete ka pepala kaja. Gwiritsani masikuluu awiri okha, yachitatu isiyeni.
4. Mangani otsekera mofewa, suzumiraninso, chifukwa kumangako kumasuntha galasi.

Kenako bwezani finder. Lozetsani telesikopu pa nsanja ya netiweki kapena mtengo wa pamtunda wa kilomita kapena kuposa, ikani nsonga yake pakati pa eyepiece, ndipo sinthani finder mpaka iloze pomwepo. Chithunzi chikhala chozondoka, ndi mmene telesikopu ya mtunduwu imaonetsera.

Dzuwa likalowa tsegulani mbali zonse ziwiri za paipi kuti galasi lizizire. Limafuna mphindi 30 mpaka ola lathunthu, kupitirirapo ngati linatenthedwa m'galimoto. Lisanazizire, nyenyezi zimaoneka zowirawira, ndipo ambiri amayamba kupotokola masikuluu pachabe. Dikirani kaye. Likazizira, ikani nyenyezi yowala pakati penipeni ndi eyepiece ya mamilimita 10, sunthani focuser pang'ono kuti nyenyeziyo ifufume. Muona mizere yozungulira ndi mthunzi wakuda. Mthunziwo ukakhala pakati, mwatha. Ukatsamira mbali imodzi, sinthani galasi lalikulu pang'ono, bwezani nyenyezi pakati, onaninso.

Paipi ikamagwa mphuno yokha, matani kathumba ka mchenga kumunsi. Ikamayenda modumphadumpha, fumbi lalowa pa Teflon, tizidutswa ta pulasitiki toterera timene paipi ndi bokosi zimatsetserekapo: pukutani ndi nsalu youma. Girisi ndi oilo ayi, zimangoitana fumbi lina.

Usiku

Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuzolowera mdima, ndipo tochi yoyera imodzi imafafaniza zonsezo kwa aliyense pabwalo. Kutani tochi ndi pulasitiki wofiira wopinda kawiri kapena katatu, foni muichepetse kuwala, galimoto ziimikidwe zitafulatira bwalo. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET amadya pulasitiki ndi utoto, choncho mukadzola sambani m'manja musanagwire eyepiece.

Kukula kwa chithunzi mumakupeza pogawa 1200 ndi nambala ya pa eyepiece. Ya 25 imakulitsa ka 48, ya 10 ka 120. Yambani ndi ya 25 nthawi zonse. Dziko likuzungulira, ndiye chimene mwalozacho chimayenda: pa 48 chimadutsa m'mphindi pafupifupi zinayi, pa 120 sichitha mphindi ziwiri. Pa mzere wa anthu, muzisuzumira nokha pakadutsa anthu awiri alionse n'kubweza. Ana aikireni kireti yoti apondepo, ndipo auzeni aike manja kumbuyo.

Kasungu ali pa madigiri 13 kummwera kwa equator, ndipo thambo la Juni ndi Julayi kuno lili ndi zinthu zimene a ku Ulaya sazionako. Kukangoda, yang'anani kummwera mupeze Southern Cross, nyenyezi zinayi za mtanda. Pafupi ndi yowala ya kudzanja lamanzere pali kagulu kotchedwa Jewel Box, nyenyezi zoyera ndi imodzi yofiirira pakati. Chakumanzere kuli nyenyezi ziwiri zowala kwambiri. Yowala koposa ndi Alpha Centauri, imene kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kufika kuno, ndipo pa 120 imagawika kukhala ziwiri. Chakumtunda kwa zimenezi kuli Omega Centauri. Ndi maso imaoneka ngati nyenyezi yofufuma, koma m'galasi la 200 lolunjikitsidwa bwino imasweka kukhala nyenyezi zosawerengeka, ngati shuga wotayikira pa nsalu yakuda. Pamenepa m'pamene mudziwe ngati ntchito ya masana munaigwira bwino. Usiku ukamapita, gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira lotchedwa Scorpius ndi nyenyezi yake yofiira ya Antares zimakwera pamutu, ndipo m'mbali mwa mchira wake muli magulu a nyenyezi otchedwa M6 ndi M7, kenako mtambo wa M8 m'katikati mwa Mlalang'amba. Nsangwe zimatuluka m'bandakucha nyengo imeneyi, Akamwiniatsatana pambuyo pake. Pulaneti ya Jupiter ikakhalapo, miyezi yake inayi imene Galileo anaiona mu 1610 imaoneka ngakhale pa 48.

Mame amayambira pa finder, pa eyepiece ndi pa kagalasi kopendekeka. Kulungani katoni kapena siponji yopyapyala kukamwa kwa paipi, itulukire masentimita 30, ndipo eyepiece imene simukuigwiritsa ntchito ikhale m'thumba la jekete itatsekedwa. Mukamapuma, weramitsani paipi. Galasi likachita nthunzi musalipukute, ngakhale ndi nsalu yofewa bwanji.

Pobwerera

Musatsekere chinyezi m'kati. Galasi lonyowa likavindikiridwa, madontho amauma pamodzi ndi fumbi n'kusiya zipsera, ndipo nthawi ikapita aluminiyamu amayamba kudyeka. Gonekani paipi pakhonde kapena m'kalasi, yotsegula, yofulatira kum'mawa, mpaka iume yokha, kenako pakirani monga munachitira pobwera. Yenderaninso kagalasi kopendekeka musananyamuke. Ndipo amene wachezera usiku wonse asagwire chiwongolero asanagone maola angapo, M1 ili ndi malole ndi njinga zambiri m'mawa.

Kunyumba mudzaona fumbi pagalasi, makamaka mukaliunika ndi tochi. Lisiyeni. Fumbi lochepa silichotsa kanthu pa chithunzi, pomwe kutsuka kulikonse kumasiya timikwingwirima. Kamodzi pachaka n'kokwanira. Tsiku lotsukalo, tsirani madzi oyera pagalasi litapendekeka kuti mchenga uchoke, liviikeni m'beseni la madzi ofunda pang'ono okhala ndi dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, kokani thonje lonyowa pamwamba popanda kukanikiza, thonje latsopano pa kukoka kulikonse. Tsukuluzani ndi madzi a batire, aja opanda asidi, chifukwa a pa mjigo amasiya mchere. Liimikeni chammbali pa thaulo, potsamira poti silingagubuduke, liume lokha.